Kukongola kwa galimoto sikukwera chitunda

Zaka 20 zapitazo, munthu akagula galimoto m'boma la Ntcheu mbiri yake inkawanda mpaka midzi yoyandikana nayo. Lero sizachilendonso. Tsiku la msika pa Lizulu, pa Tsangano Turn-off kapena pa Kampepuza, galimoto za kaunjika zochokera ku Japan zimachita kundandalikana m'mbali mwa msewu, ndipo eni ake si mabwana a m'tauni ayi. Ndi aphunzitsi, anamwino, alimi a mbatata ya kachewere ndi kabichi, eni zigayo ndi magolosale, komanso achinyamata amene adakakhetsa thukuta ku Joni.

Zimene zatenga mitima ya mabanja ambiri ndi zija zazing'ono koma zokwera m'mwamba, zomwe amalonda amazitcha ma SUV, monga Toyota Rush, Daihatsu Terios, Nissan X-Trail, Nissan Juke, Honda Vezel, Suzuki Escudo, Toyota RAV4 ndi Mazda CX-5. Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Galimoto yotsika imakhula mimba yake pamiyala ikangosiya phula, pamene izi zimadutsa bwinobwino, komanso kumbuyo kwake kumalowa matumba angapo.

Tsoka lake n'lakuti ambiri amasankha galimotozi ngati akusankha chitenje. Amayang'ana mtundu wa penti, magetsi akutsogolo, mipando, wailesi ndi mtengo, kawirikawiri pachithunzi cha pafoni. Za injini ndi giyabokosi amakazimvera kwa makaniko galimoto itafa kale. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndalama yogulira galimoto m'mabanja otere si yamasewera. Ndi penshoni ya ntchito ya moyo wonse, ngongole ya ku SACCO kapena phindu la zokolola za zaka zingapo. N'chifukwa chake banja lomwe galimoto yake izipita kumudzi ndi kunyamula katundu liyenera kuyamba latsegula boneti. Kwa banja lotere, chisankho chanzeru ndi injini ya petulo yopanda turbo, ya pakati pa 1,500cc ndi 2,000cc, yokhala ndi giyabokosi ya manual kapena automatic yachikale. Zinazo si zoipa, koma zili ndi eni ake.

Choyamba chofunika kuchiganizira ndi msewu. Ntcheu ili ndi M1, wochokera ku Lizulu kudutsa paboma mpaka pa Chingeni, komanso M5 wodutsa m'chigwa cha Bwanje. Koma anthu ambiri sakhala m'mbali mwa misewu iwiriyi. Wopita ku Tsangano, ku Gowa, ku Kandeu kapena ku Ntonda amadziwa kuti penapake phula limatha. Ntchito yoika phula mumsewu wa Tsangano-Neno-Mwanza, yomwe idayambidwa ndi asilikali a Malawi Defence Force, yakhala ikuyenda pang'onopang'ono. M'chilimwe ndi fumbi ndi miyala, m'dzinja ndi matope oterera kumapiri ndi makande omata kuchigwa.

Kukwera kwa dera nakonso kumaba mphamvu ya injini. Pamtunda mpweya umakhala wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 300 alionse okwera. Kumadera ozizira a Tsangano ndi Lizulu, omwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kapena kuposerapo, injini imakhala itataya kale gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri a mphamvu imene inali nayo potsika m'sitima ku Dar es Salaam.

Chachiwiri ndi katundu. Ku Japan, galimotozi kawirikawiri zinkanyamula munthu mmodzi kapena awiri pamsewu wosalala. Kumudzi galimoto siikhala ya mwini wake yekha. Mayi woyembekezera akayamba kudwala pakati pa usiku, ndiyo imathamangira naye kuchipatala. Kukagwa zovuta, ndiyo imanyamula anamfedwa. Feteleza, simenti ndi matumba a mbatata zonse zimaidikira. Amene akugula galimoto aziwerengera anthu asanu ndi matumba atatu pachitunda, osati iye yekha ndi chikwama chake pa M1.

Apa ndi pamene kukula kwa injini kumalowa. Msonkho umene bungwe la Malawi Revenue Authority limadula pagalimoto yolowa m'dziko muno umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo. Izi zimakopa ena kugula timagalimoto ta 660cc monga Mitsubishi Pajero Mini, Daihatsu Terios Kid kapena Suzuki Jimny yaing'ono ija. Jimny ndi katswiri pamatope, palibe angatsutse, koma injini yake idapangidwira anthu ochepa. Kainjini kakang'ono kakamalira mokuwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha katundu, kamamwa mafuta ngati injini yaikulu ndipo kamatopa msanga. Ndalama yopulumutsidwa pachipata cha Songwe imakathera kugalaja.

Mbali inayi, injini za 2,400cc monga za RAV4 yomwe idayamba kugulitsidwa ku Japan kumapeto kwa 2005, kapena Escudo za kuyambira 2008, zili ndi mphamvu yokwanira koma msonkho wake ndi wokwera ndipo ludzu lake silisewera. Pakatikati ndi pamene pali mtendere. Injini ya Rush ndi Terios, yotchedwa 3SZ-VE, ndi ya 1,495cc, ilibe turbo ndipo imayendera tcheni m'malo mwa lamba wofunika kusinthasintha. Siithamanga modabwitsa ndipo imachita phokoso paulendo wautali, koma ndi injini yoti makaniko wa paboma amaimvetsa. Za 2,000cc za mu X-Trail ndi Escudo zimapuma bwino pachitunda zikanyamula.

Galimoto zatsopanoko zikubwera ndi injini zazing'ono zokhala ndi turbo. Toyota Raize ndi Daihatsu Rocky, zomwe zidatuluka mu 2019, zili ndi ya 1,000cc, Toyota C-HR ili ndi ya 1,200cc, ndipo Juke ina ili ndi ya 1,600cc. Ubwino wa turbo ndi wakuti imakankhira mpweya wambiri mu injini, kotero kumapiri mphamvu siitsika kwenikweni. Koma turbo imazungulira mothamanga kwambiri ili yotentha, ndipo moyo wake wagona pa oyilo wabwino wosinthidwa panthawi yake. Mwini galimoto amene adazolowera kugula oyilo wopimidwa m'botolo pamsika, kapena kudikira mwezi uthe kaye asanasinthe, turbo siingamukhalitse.

Palinso injini za petulo zopopera mafuta mwachindunji ndi pampu yamphamvu, monga GDI ya mu Pajero iO ndi D-4 ya mu RAV4 ya 2,000cc ya pakati pa 2000 ndi 2005. Izi zimanyansidwa ndi petulo wakuda. Nkhaniyi si yaing'ono m'dziko lomwe mafuta adasowa mu 2011 ndi 2012, mu 2022, mu 2023 komanso kumapeto kwa 2024. Nthawi zoterezi, woyendetsa galimoto amathira chilichonse chimene wachipeza m'zigubu za m'mbali mwa msewu, ndipo injini yosavuta ndiyo imapirira.

Komabe, chimene chikuliza mabanja ambiri si injini koma giyabokosi. Anthu amangodziwa kuti pali manual ndi automatic, osadziwa kuti dzina lakuti automatic likuphimba mitundu itatu yosiyana kwambiri.

Manual ndi yodziwika kwa aliyense. Chimene chimatha kawirikawiri ndi kilatchi, ndipo makaniko wa pa Ntcheu, pa Mlangeni kapena pa Manjawira akhoza kutsitsa giyabokosi m'mawa, madzulo galimoto n'kukhala ikuyenda. Batire likafooka kumudzi, anyamata anayi amaikankha n'kulira. Potsetsereka dalaivala amaika giya yachiwiri, injini n'kumagwira galimoto, mabuleki akupuma.

Automatic yachikale ili ndi magiya enieni, anayi kapena asanu, ndipo mphamvu ya injini imadutsira mu oyilo. Imamwako mafuta pang'ono kuposa inzake, koma imapirira katundu ndi zitunda, ndipo amakaniko akhala akuigwira kwa zaka zambiri. Rush ndi Terios zambiri zili ndi yotereyi ya magiya anayi, chimodzimodzinso Escudo ya 2,000cc ndi X-Trail yoyambirira.

Mtundu wachiwiri ndi CVT. Woiyendetsa sangaisiyanitse ndi inzake ija poyang'ana chogwirira, chifukwa zilembo zake ndi zomwezija za P, R, N ndi D. Koma m'kati mwake mulibe magiya a mano osinthira liwiro. Muli mapule awiri ndi lamba wachitsulo, mofananako ndi momwe lamba amazungulitsira chigayo. Mapulewo amamupana lambayo ndi mphamvu ya oyilo, ndipo amafutukuka kapena kupanikizana kuti liwiro lisinthe. Paphula CVT imayenda myaa ndipo imasunga mafuta.

Mdani wake ndi kutentha. Galimoto ikadzaza katundu n'kumakwera chitunda chachitali pang'onopang'ono, kapena ikatitimira m'matope dalaivala n'kumaigwedeza uku ndi uku kuti ituluke, oyilo amatentha. Zikatero galimoto imadzichepetsera yokha mphamvu pofuna kudziteteza, ndipo zikamachitika kawirikawiri lamba amayamba kuterera ndi kukanda mapule. CVT imafunanso oyilo wakewake. Ya Nissan imafuna NS-2 kapena NS-3, malinga ndi chaka chake. Kuithira oyilo wa automatic wamba, zomwe makaniko wosadziwa angachite ndi mtima wabwino, ndi kuikumbira manda. Ikafa, amakaniko ambiri saitsegula n'komwe. Amangouza mwini wake kuti akafune ina yathunthu ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa masipeya otere si wofikirika kwa mphunzitsi.

Msampha waukulu ndi wakuti dzina la galimoto likhoza kukhala limodzi, zam'kati n'kukhala zosiyana. X-Trail ya pakati pa 2000 ndi 2007, yomwe nambala ya chasisi yake ili ndi T30, ili ndi automatic yachikale. Yotsatira yake, T31, yomwe idayamba mu 2007, ya petulo ili ndi CVT pokhapokha ikhale ya manual. RAV4 ya ku Japan idasamukira ku CVT kumapeto kwa 2005. Nissan Dualis ndi Juke za ku Japan ndi za CVT. Choncho munthu amene akugula X-Trail chifukwa ya mlamu wake idakhala zaka 10 osavuta, akhoza kukhala akugula chinthu china kotheratu.

Mtundu wachitatu umapezeka mu Honda Vezel, galimoto yomwe idatuluka mu December 2013 ndipo ndi yokongola zedi. Vezel ya petulo yekha, ya chasisi RU1 kapena RU2, ili ndi CVT. Ya hybrid, RU3 kapena RU4, ili ndi giyabokosi ya magiya asanu ndi awiri yokhala ndi makilatchi awiri oyendetsedwa ndi kompyuta. Giyabokosi imeneyi idavutitsa ngakhale kwawo komwe, moti mu 2014 kampani ya Honda idaitanitsa galimoto zambiri za mtunduwu ku Japan kuti ikakonze kayendetsedwe kake. Makilatchiwa amatentha galimoto ikamakwawa pachitunda kapena pamsewu wa maenje. Kuikonza kumafuna makina oyezera ndi munthu woidziwa.

Izi sizikutanthauza kuti hybrid iliyonse ndi yofooka. Ya Toyota, monga ya mu C-HR ya 1,800cc, ilibe lamba kapena makilatchi otere, ndipo imadziwika ndi kulimba. Imamwa mafuta pang'ono kwambiri, chinthu chomwe aliyense amene adagonapo pamzere wa mafuta angachiyamikire. Koma C-HR yotereyi ndi yotsika, imakoka ndi matayala akutsogolo okha, ndipo batire lake lalikulu lija limaziziritsidwa ndi mpweya wodutsa m'kati mwa galimoto, womwe kumudzi umakhala wa fumbi. Ndi galimoto yabwino kwa namwino wokhala paboma amene maulendo ake ndi a Ntcheu-Lilongwe. Kwa mlimi wa ku Tsangano si yake.

Nanga dizilo? Anthu ambiri adakula akudziwa kuti injini ya dizilo ndi chimuna, ndipo za malole ndi mapikiapu akale zinalidi choncho. Dizilo wamakono ndi nkhani ina. Mazda CX-5 ya 2,200cc, yomwe idayamba mu 2012, imakoka mwamphamvu ndipo imamwa pang'ono, koma ili ndi sefa yogwira mwaye kupaipi ya utsi. Sefayi imadziyeretsa yokha galimoto ikayenda mtunda wautali itatentha bwino. Ikamangoyenda maulendo afupiafupi a kunyumba, kumsika ndi kutchalitchi, sefa imatsekeka, dizilo amatsikira mu oyilo ndipo injini imawonongeka mwakachetechete. Imafunanso oyilo wapadera ndi dizilo woyera. Wa m'zigubu wosakanikirana ndi madzi kapena parafini amapha manozo ake, omwe mtengo wake ndi wosayamba.

Nkhani ina yosokoneza ndi ya matayala okoka. Si galimoto iliyonse yooneka ngati ya kutchire imene imakoka ndi matayala onse anayi. Zambiri za Juke, Vezel, Dualis ndi CX-5 zimakoka ndi akutsogolo okha. Rush ndi Terios zosakhala za 4WD zimakankha ndi akumbuyo, zomwe zimathandiza pachitunda kumbuyo kukalemera, ngakhale zimaterera pamatope zikakhala zopanda katundu. Za 4WD zili ndi batani lomanga matayala akutsogolo ndi akumbuyo kuti azikokera limodzi. Escudo ya zitseko zisanu ya kuyambira 2005 ndi Jimny zili ndi giya yapansi yokwawira pamalo ovuta, yomwe zinzake zambiri zilibe. Amene amakhala m'mbali mwa phula asadzivutitse ndi 4WD, chifukwa imaonjezera mafuta ndi zitsulo zoti zizitha. Amene kwawo ndi kotsikira kudambo aifunefune.

Ena anena kuti malangizo otere ndi obwezera anthu m'mbuyo, ndipo mfundo zawo zili ndi mutu. Manual ndi zosowa pamsika wa ku Japan, chifukwa kumeneko pafupifupi aliyense amayendetsa automatic. Galimoto zokhala ndi automatic yachikale zikukalamba. Rush ya ku Japan idasiya kupangidwa mu 2016, ndipo galimoto ikakula msonkho wake umakweranso. Komanso m'banja momwe bambo, mayi ndi mwana wamkulu onse amayendetsa, kapena mwini wake ndi wachikulire wovutika bondo, automatic ndi yothandiza. Ndi zoonanso kuti CVT yosamalidwa bwino, yothiridwa oyilo wake panthawi yake ndiponso yosasenzetsedwa mopyola, imatha zaka zambiri.

Koma mfundo zimenezi zikungotsimikiza kuti wogula ayenera kudziwa chimene akugula ndi kudziyesa yekha moona mtima. Ngati maulendo ake ambiri ndi a paphula, ali ndi makaniko wodziwa CVT ndipo angathe kukana achibale ofuna kukweza matumba 10, aigule ndithu. Ngati sangakwanitse zitatuzi, ndi bwino kugula galimoto yokulirapo zaka koma yolimba m'mimba, kapena kudikira miyezi ingapo mpaka yoyenera ipezeke. Galimoto yosunga lita imodzi paulendo koma yogona kugalaja miyezi itatu siinasunge kanthu.

Safunsa adadya phula. Asanapereke ndalama, wogula afunse nambala ya chasisi ndi dzina la injini, n'kupita nazo kwa makaniko amene azidzaikonza, osati kwa wogulitsa. Amufunse ngati adaigwirapo giyabokosi yotero komanso kumene oyilo ndi masipeya ake amapezeka. Ngati galimoto ili kale m'dziko muno, aiyese pachitunda itatentha, anthu ali m'kati. Kunjenjemera ponyamuka, kulira ngati mluzu kapena injini kukuwa galimoto isakuonjezera liwiro ndi zizindikiro zoti achokepo. Oyilo wa giyabokosi akakhala wakuda ndi wonunkha chopserera, nkhani yatha. Asuzumirenso pansi, chifukwa galimoto zambiri za 4WD zimachokera kumpoto kwa Japan komwe amathira mchere m'misewu nthawi yozizira, ndipo dzimbiri limakhala litadya kale.

Akagula, kayendetsedwe nako ndi mbali ya chisamaliro. Madalaivala ambiri a automatic sadziwa ntchito ya 2 ndi L, kapena B pagalimoto zina. Amatsika Khwekhwerere yense, kuchoka pa Masasa mpaka ku Golomoti, ali pa D phazi lili pabuleki, mpaka mabuleki kununkha ndi kusiya kugwira. Zilembozi zidaikidwa kuti injini izithandiza kugwira galimoto potsetsereka. Automatic ikafa panjira siyenera kukokedwa ndi chingwe mtunda wautali matayala okoka ali pansi, chifukwa injini ikazima oyilo sazungulira ndipo giyabokosi imapsa. Ndipo ya 4WD imafuna matayala anayi ofanana kukula, osati kusakaniza monga ambiri amachitira pofuna kupulumutsa ndalama.

Udindo suli kwa ogula okha. Galimoto za CVT ndi hybrid zizingochulukirabe, chifukwa ndi zimene Japan ikupanga ndi kugulitsa. Bungwe la TEVETA ndi sukulu za ntchito zamanja ziyenera kuonetsetsa kuti achinyamata ophunzira umakaniko akuzidziwa bwino, komanso kukonza maphunziro afupiafupi a amakaniko amene ali kale m'magalaja a m'maboma. Eni sitolo za masipeya azisunga oyilo woyenera, ndipo a Malawi Bureau of Standards azifika m'misika ya m'maboma kukaona oyilo amene akugulitsidwa. Ogulitsa galimoto nawo azinena poyera mtundu wa giyabokosi monga amanenera chaka ndi mtengo.

Pamene zimenezi zikudikirika, banja la ku Ntcheu lidziteteze lokha. Likhale pansi, liwerenge maulendo amene galimoto izidzayenda pachaka, misewu yake, katundu wake ndi dzina la amene azidzaikonza. Likatero lisankhe injini ndi giyabokosi. Mtundu wa penti usankhidwe pomaliza, ndipo umenewo ana akhoza kuthandiza kusankha.